A Zuze ndi Mlomo wa Mayi Anga

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire mayi anga, a Chanazi, amene anakhala zaka zoposa makumi asanu ndi atatu dzanja lawo lamanzere lili pakamwa. Mlomo wawo wam'mwamba unali wong'ambika pakati, mano awiri akuonekera. Sanabadwe choncho. Anawang'amba ndi munthu, ndipo munthuyo ndi a Zuze, atsibweni awo, mlongo weniweni wa agogo anga a Ntsayi, bere limodzi. Ndayamba ndi kulongosola ubalewu kuti wina asadzanene kuti walemba izi ndi wakunja. Magazi a a Zuze ali mwa ine, ndipo sindikuwakana.

Ndikanakhala chete monga anakhalira mayi anga, pakanapanda ulendo wa a Bizeki. Iwowa ndi mdzukulu wa a Zuze, wobadwa kwa mwana wawo wamwamuna, ndipo ine ndimawatcha asuweni. Patangopita masabata atatu chiikire maliro, anafika panjinga ndi nkhuku ya chipepeso, pamodzi ndi pempho.

"Asuweni," anatero atamwa madzi, "ife kwathu tagwirizana kuti timange chiliza pamanda pa agogo. Simenti ilipo kale. Chatsala ndi mawu. Inu munapita kusukulu yaikulu, mutilembere mawu okoma, Chichewa pamwamba, Chingerezi pansi."

"Chingerezi cha chiyani pamanda pa munthu wa ku Chiromo?" ndinafunsa.

"Alendo aja timakawavinira kumalo ogona pafupi ndi nkhalango ya nyama amakonda kufunsa kuti ntchitoyi anatiphunzitsa ndani. Timawauza za agogo. Ena ayamba kufuna kudzaona manda. Ife tinaganiza zoti palembedwe kuti: Wosunga mwambo wa makolo."

Ndinawathokoza chifukwa cha nkhuku, ndipo ndinawapempha kuti andipatse mwezi umodzi. Mawu anayi amenewo akanalembedwa pamwala, bala la mayi anga likanasanduka mwambo, ndipo palibe akanatsutsa, pakuti mwala umakhala nthawi yaitali kuposa nkhalamba.

A Zuze ndinawadziwa atakalamba kale. Anali munthu wamfupi, wa mapazi ang'onoang'ono, woyenda modumphadumpha ngati mbalame ya m'dambo. Ankavala jekete loyera limene mabatani ake ankawakwecha ndi phulusa ndi mandimu m'mawa uliwonse, ndi chipewa cholimba cha azungu osaka nyama, chimene chinali chachikulu kuposa mutu wawo, kotero kuti ankachikhazika ndi nsanza mkati. Chipewacho muchikumbukire; ndidzabwererako. Popereka moni sankayang'ana munthu m'maso. Maso awo ankadutsa paphewa pako, kufunafuna ngati kumbuyo kukubwera wina woposa iwe.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ya sekondale, nditavala yunifolomu, ndinatsika sitima pa Chiromo n'kuwapeza akuthamanga m'mbali mwa mazenera, akugulitsa ng'ona zosema. Atandiona anandigwira mkono.

"Mdzukulu wanga, wabwera nthawi yabwino! Chizungu changa chayamba kuchita dzimbiri. Tawauza azungu awiri awa kuti kumudzi kwathu kuli mkazi wa mlomo wa makolo. Si patali, akhoza kubwerera ndi sitima yamawa."

"Mkazi wake uti, agogo?"

"Amako, nanga ndani?"

Ndinasolola mkono wanga. Ndinanyamula sutukesi yanga n'kumapita, iwo akukuwa kumbuyo kuti sukulu yandichotsa ulemu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chiyambi cha bala lija ndinali ndisanachidziwe. Madzulo ake ndinafunsa agogo a Ntsayi, ndipo anandiuza zonse tikupalira thonje m'masiku atatu otsatira. Zotsala anadzandiuza mayi anga eni ake, pang'onopang'ono, m'zaka zawo zomaliza.

A Zuze anayamba ngati wodula nkhuni za sitima zapamadzi, nthawi imene Shire anali msewu wokhawo wolowera m'dziko muno. Sitima ikaima kuti ikweze nkhuni, azungu ena ankatsika kudzaongola miyendo, atanyamula mabokosi ojambulira a miyendo itatu. Amuna ena onse ankaona nkhuni; a Zuze ankaona azungu. Sanachedwe kuzindikira kuti ambulera ya dona imapepuka kuposa chipika cha mtsanya. Anatola mawu angapo a Chizungu, nasiya nkhwangwa, osadzaigwiranso. Itafika njanji, alendo anachuluka. Amuna ankabwera m'chilimwe kudzawombera njovu ndi njati m'dambo lalikulu lija, akazi awo n'kumatsala mumsasa opanda chochita. Ntchito ya a Zuze inali yodzaza masana a anthu otopa ndi kukhala.

Anali ndi nzeru zawo zimene ankazibwereza ngati katekisimu. Ankati munthu sawoloka nyanja miyezi iwiri kuti adzaone mnzake wovala malaya, pakuti malaya anawasiya kwawo. Ankatinso mlendo umampatsa chimene anabwera atachiganiza kale, osati chimene uli nacho. Ndipo akaledzera uchema ankanena kuti chinthu chimene mzungu sanachione ndiye kuti sichinachitikebe.

Choncho tsiku la alendo likamayandikira, ankazungulira mudzi wonse khomo ndi khomo. Miphika yachitsulo, mbale za kwa Mmwenye, mabuku a nyimbo za kutchalitchi, zonse zibisidwe m'nkhokwe. Ife a Mang'anja tinkalima thonje ndi kuomba nsalu zathu azungu asanadziwe kumene Shire amathirira, koma a Zuze ankalamula kuti zoombera nsaluzo zizulidwe n'kuikidwa kuseri, chifukwa zinkaonetsa kuti pamudzi pali anthu anzeru. Akazi ankauzidwa kuti atsitse nsalu zifike m'chiuno. Kenaka mwini wakeyo ankapita kuseri kwa mtengo wa bwemba umene unali pakati pa mudzi, navula jekete, nalipinda bwinobwino kuti lisachite makwinya, natulukira atavala chikopa cha mbuzi, mkondo uli m'manja. Mikondoyo ankaisulitsa yatsopano, naikwirira m'matope a mtsinje mwezi wathunthu kuti idye dzimbiri, kenaka n'kumauza alendo kuti uliwonse unapha anthu pankhondo. Mikondo imene inapita kutsidya kwa nyanja kuchokera m'manja mwa a Zuze ikanakwanira nkhondo imene chigwa chino sichinaionepo.

Anthu ankaseka, ena ankathandiza, popeza pambuyo pake pankagwa mchere, mikanda ndi zitini zopanda kanthu. Sindiwaweruza. Msonkho unali wowawa, ndipo zaka zina anthu ankakhalira nyika, mizu yomera m'madzi a m'dambo. Koma kuseka kunachepa chaka chimene dona wina anafuna kumva mmene timalirira maliro.

A Zuze sanaone chovuta. Anakulunga thunthu la nthochi mumphasa, anamwetsa oimba ng'oma uchema mpaka manyazi atawachoka, nawauza kuti aimbe ng'oma ya maliro dzuwa lili pamutu. Akazi anayi anakhala mozungulira nthochi ija n'kumalira. Tsono ng'oma ilibe diso. Siidziwa kuti m'mphasa muli chiyani. Mawu ake anawoloka Shire, ndipo abale a kutsidya anasiya makasu, nalowa m'miadiya, nafika akubuma kuchokera padoko. Patsogolo panali bambo wina wokalamba, mlamu wa a Ntsayi, misozi ili m'ndevu.

"Watisiya ndani? Zuze, tauza, watisiya ndani?"

"Nkhabe, nkhabe, palibe," anatero a Zuze motsitsa mawu, akumukankhira kumbali. "Awa ndi maliro a alendo. Koma poti mwafika kale, imani cha uko mupitirize, mukulira bwino."

Bamboyo anafunyulula mphasa, naona nthochi, nalavula pansi, nabwerera kumwadiya wake osatsanzika. Patapita miyezi iwiri, mwana wa pakhomo loyandikana ndi lathu anamwaliradi ndi malungo. Ng'oma inalira tsiku lonse, ndipo kutsidya sikunachoke munthu ngakhale mmodzi. Ankati ndi zija za a Zuze. Mwanayo anaikidwa amalume ake kulibe. Chimenecho ndicho a Zuze anachitira ng'oma ya makolo.

Koma chuma chawo chenicheni chinali mayi wawo owabereka. Make Zuze anali mmodzi mwa akazi otsiriza ovala pelele, ndiyo mphete imene akazi akale a kwathu ankaiika m'mlomo wam'mwamba, mlomowo n'kutambasuka kutsogolo ngati kambale. Yawo inali ya mnyanga wa njovu, yaikulu ngati kukamwa kwa kapu yaing'ono. M'nthawi yawo chinali chokongoletsa, ndipo mkazi wopanda pelele ankasekedwa. Koma nthawiyo inali itapita. Iwo omwe anakana kuboola mwana wawo Ntsayi, nanena kuti zimenezo zithere pa iwo.

Alendo akafika, a Zuze ankagadabuza mtondo pansi pa bwemba, nakhazikapo mayi wawo. Mayi anga anali kamtsikana nthawiyo, ndipo ankaonerera ali kuseri kwa nkhokwe. Ankati nkhalambayo inkatukwana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Uwauze anthu ako ofiira ngati chiwindi asunthe, anditsekera mphepo."

Azungu ankafunsa kuti akuti chiyani, ndipo a Zuze ankamasulira kuti mayi akuti mwalandiridwa ndi manja awiri, Mulungu adalitse mfumu ya kwanu.

"Mayi, tasekani pang'ono, aone mmene mlomo umakwerera."

"Ndiseke chiyani? Ndinabereka mbuzi yovala chikopa cha mbale wake."

Atatero ankaseka okha mawu awowo, mlomo n'kukwera mpaka kuphimba mphuno, bokosi lija n'kuphethira. Ankawamwetsanso madzi pamaso pa alendo, kuti aone mmene amatayikira. Mwana wobereka yekha, kuchititsa mayi wake zimene wina sangachititse nyani wogwidwa m'munda.

Make Zuze anamwalira nkhondo ya Jeremani itatha. Mwa mwambo, mphete ija inayenera kupita nawo kumanda. Akazi osambitsa mtembo atalowa m'nyumba anapeza mlomo uli lende, mphete palibe. Palibe anafunsa, pakuti aliyense anadziwa.

Chilimwe chotsatira alendo anafika ndi kakhadi kojambulidwa nkhope ya nkhalamba ija. Zinaoneka kuti chithunzicho chinkagulitsidwa m'masitolo kutali. Ankaloza pakakhadipo n'kumafunsa kuti mkaziyu ali kuti. Atamva kuti anamwalira, sanafune mikondo, sanafune gule. Anabwerera kumsasa msanga. A Zuze anayesa kunyengerera nkhalamba ziwiri za pelele zimene zinatsala m'midzi yapafupi. Ina inawatsekera chitseko, ina inawathira madzi otsukira nsomba. Pamenepo ndi pamene anayamba kulota.

Anafika pakhomo pa mlongo wawo m'mawa, nkhope ili yakugwa, nakhala pampando osavula jekete.

"Mlongo wanga, mayi andifikira kutulo katatu. Akuti mphete yawo ikumva kuzizira. Akufuna ilowe mwa mdzukulu amene anatenga nkhope yawo."

"Mayi ake ati?" anafunsa a Ntsayi. "Omwe aja anakana kundiboola ine?"

"Akufa amasintha maganizo."

"Amasintha chilimwe chokha, sitima ikayandikira? Nanga mpheteyo ikumva kuzizira bwanji, poti tinawaika nayo? Kapena sitinawaike nayo, achimwene?"

A Zuze anayang'ana kumbali. "Usalankhule ngati mwana. Ukakana, mzimu ukakwiya, udzalire wekha."

"Inu muli ndi ana aakazi awiri. Bwanji mayi sakuwalota amenewo?"

"Amenewo ndi a kwa mkazi wanga. Atsibweni awo angandidule khosi. Mbumba yanga ndi iyi."

Mawu amenewa ndikufuna a Bizeki ndi abale awo awamve bwino, popanda kukwiya. Azakhali awo anakalamba ndi milomo yathunthu chifukwa anali ndi atsibweni owatchinjiriza. Mayi anga analinso ndi atsibweni, koma atsibweniwo ndiwo anali ndi singano. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndiye mpanda wake. Bambo a mayi anga anali kutali, kuminda ya nzimbe ku Zambezi, ndipo ngakhale akanakhalapo, mkamwini alibe mawu pa mwana pamaso pa atsibweni.

A Ntsayi sanagonje msanga. Anakokera mlongo wawo kwa nkhalamba ija inawathira madzi a nsomba, popeza ndiyo yokha inatsala yodziwa kaboolidwe kake, kuti aimve okha. Nkhalambayo inalongosola mosabisa. Inati mwana ankabooledwa ali wamng'ono, mlomo ukadali wofewa, osati wa zaka khumi ndi ziwiri ngati Chanazi. Ankaboola ndi munga, nthawi yozizira, kuti bala lisaole. M'chilimwe cha kuno ngakhale mbuzi siitemedwa khutu. Poyamba ankaikamo kaudzu kamodzi, pakapita miyezi tiwiri, kenaka kabango, ndipo kuti mlomo ufike polandira mphete ngati ija pankapita zaka zambiri, mtsikana n'kukhala mayi wa ana. Inamaliza ndi kunena kuti chiyambire dziko, mwamuna sanagwirepo mlomo wa mtsikana pa ntchito imeneyi.

"Pyadidi, chabwino, ndamva," anatero a Zuze, nawomba m'manja mwaulemu. A Ntsayi anaganiza kuti nkhani yatha.

Sabata yotsatira anawoloka kupita kudimba kukakumba mbatata, kumene anthu ankagona masiku atatu kapena anayi, nasiya mwana wawo akuyang'anira nkhuku. M'mawa wa tsiku lachiwiri, dzuwa litakwera, a Zuze anaitana mphwawo Chanazi kuti adzawathandize kusankha mapira. Mkazi wawo anamugwira mutu pakati pa mawondo. Munga sanaufune n'komwe. Anatenga singano yaikulu yosokera matumba a thonje, yadzimbiri, imene anaitola kusiteshoni. Mayi anga ankati chimene sanachiiwale si ululu ayi, koma kuti atsibweni awo anayamba avula jekete n'kulipachika panthambi, kuopa magazi.

A Ntsayi atabwerako anapeza mwana nkhope yatupa, m'mlomo muli bango. Analira, anatukwana, anazula bangolo. A Zuze analibwezeramo, nawopseza kuti mwanayo akadzafuna kukwatiwa iwo sadzaima ngati nkhoswe, ndipo munda wa kudimba adzaupereka kwa wina. Akuluakulu ena anati poti chabooledwa kale, ndipo poti za mizimu sizidziwika, bola kungosiya. Agogo anga anagonja. Anadzitsutsa mpaka imfa, ndipo ine sindiwonjezerapo mawu.

Zimene makolo ankachita m'zaka khumi, a Zuze anafuna kuzichita m'miyezi iwiri. Masiku atatu alionse ankazula bango n'kukankhiramo lokulirapo, bala likutuluka mafinya, ntchentche zili ng'waa. Mwanayo sankatha kudya china koma phala lamadzi, ndipo anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Kenaka kunabwera uthenga wakuti kumsasa kwafika bwana ndi dona wake, ali ndi kakhadi kaja, ndipo adzafika pamudzi mkucha. Bowo linali lisanakwane n'chala chachikulu chomwe. A Zuze anatulutsa mphete ya mayi wawo m'thumba la jekete, anaipaka mafuta a nsatsi, naikankha ndi zala ziwiri. Mlomo unang'ambika kuyambira pabowo mpaka kunsonga, ngati nsalu yakale.

Munthu wina aliyense akanagwa pansi ndi manyazi. A Zuze anangodandaula kuti mwanayo anagwedeza mutu.

Tsiku la alendo linafika, ndipo sanasinthe kanthu. Miphika inabisidwa, mtondo unagadabuzidwa pansi pa bwemba, jekete linapindidwa kuseri. Anakhazika mwana uja pamtondo, namuuza kuti alume mphete ndi mano kuti ioneke ngati ili m'malo mwake. Dona anayandikira akumwetulira, kakhadi kali m'manja. Atayang'anitsitsa anabwerera m'mbuyo, nagwira pakamwa pake. Anatulutsa kampango koyera, nakapereka atatambasula mkono wonse, monga timaperekera chakudya kwa galu wachilendo. Bwana uja anatulutsa mutu m'nsalu yakuda ya bokosi lake, nakupiza dzanja kuti mwanayo achokepo, akuipitsa chithunzi. M'malo mwake anajambula a Zuze ataima pambali pa mtondo wopanda munthu, mkondo uli m'mwamba, maso atatuzula. Mphete ija anaigula, itatsukidwa. Ndipo pochoka, pokondwera ndi kaimidwe ka a Zuze, anavula chipewa chake n'kuwaveka.

Ndicho chipewa chija. Anachivala zaka zoposa makumi atatu, ndipo aliyense wofuna kumva ankamufotokozera kuti anachilandira kwa bwana wamkulu chifukwa cha ntchito yabwino. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo a a Zuze sanabwere ndi kalumo. Anangobwera ndi maso, ndipo kalumo anakapeza kali kale m'manja mwa mwini mudzi wofuna kuwasangalatsa. Sindiwachotsera mlandu wawo. Munthu amene amayenda dziko lonse kufunafuna chodabwitsa, osafunsa kuti chakonzedwa bwanji, ali ngati wogula nyama osafunsa mwini mbuzi. Koma iwo sanali atsibweni a munthu.

Bala linapola patapita miyezi, koma mbali ziwirizo sizinalumikizane. Mayi anga anali atayamba kalasi pasukulu ya mishoni. Mphunzitsi atawaona anawabweza, nati banja lawo labwerera ku zachikunja. Choncho mwambo umene eni ake anausiya okha, umene unabwezedwa ndi malonda, unawatsekera sukulu m'dzina la makolo. Sanaimbepo m'tchalitchi. Sanamwepo madzi pamaso pa mlendo. Moto ankaukoleza ndi chokupizira, poti kuuzira sankatha. Anakwatiwa mochedwa, ndi bambo anga, msodzi wofatsa wochokera cha ku Marka, amene anali atafedwa mkazi, ndipo sanawauzepo ngakhale tsiku limodzi kuti achotse dzanja. Ana tonse anatisankhira maina amene akanatha kuwaitana osatseka milomo: Esitere, Danieli, Isaki. Ndipo ine, mwana wamkazi yekhayo, anandikankhira kusukulu ndi ukali umene sindinkaumvetsa.

Alendo osaka nyama atachepa, a Zuze anatsala ndi ng'ona zawo zosema. Mkazi wawo atamwalira, ana awo anapita kwawo kuchikazi ndi kumigodi, ndipo udindo wowadyetsa unagwera mbumba, ndiye kuti mayi anga. Zaka zisanu ndi chimodzi ankawapititsira chakudya kawiri patsiku, n'kugwada, n'kuwathira madzi m'manja. Kumeneko kokha ndi kumene ndinkawaona akuchotsa dzanja pakamwa, pakuti mbale imafuna manja awiri. A Zuze ankadya akuyang'ana kumsewu.

Kamodzi kokha ndinawamva akuikhudza nkhaniyo. Ndinali nditaperekeza mayi ndi mtsuko wa madzi.

"Chanazi," anatero akunyambita zala, "kampango kaja anakupatsa dona uja ukadali nako? Inali nsalu yabwino imene ija, sungaipeze kwa Mmwenye."

"Ndinapukutira magazi, atsibweni, n'kukataya mu Shire."

"Aaa! Kuwononga," anatero a Zuze, napukusa mutu mwachisoni chenicheni.

Anamwalira m'nyengo ya mvula, atalamula kuti aikidwe ndi chipewa chawo. Chimenecho chinachitika. Iwo anapita kumanda ndi chawo. Mayi wawo anapita opanda chawo.

Mwezi utatha a Bizeki anabweranso, ndipo ndinawauza zonsezi monga ndalembera pano, osachotsa, osawonjezera. Anayang'ana matayala a njinga yawo.

"Ife tinkamva kuti azakhali a Chanazi analumidwa ndi ng'ona ali mwana," anatero.

"Ng'ona yake inali ya jekete."

"Komabe, asuweni, akufa sitiwanenera zoipa."

"Sindinanene choipa. Ndanena singano, mtondo ndi chipewa. Ngati zikumveka zoipa, si ine ndinaziika pamodzi."

"Ndiye kuti kuvina kwathu kuja n'kolakwa? Ana amadya momwemo."

"Vinani. Gule wa utse ndi wathu, ulimba umene timaimba ndi wathu, ndipo njala si mbale wa munthu. Vinani zimene mumavina kwanu alendo kulibe, muvale zimene mumavala. Koma tsiku limene mlendo adzakupemphani chimene mulibe, mudzamuuze kuti mulibe. Chiliza mangani, ndi agogo athu tonse, ndipo thumba limodzi la simenti lichokera kwa ine. Mawu ndi awa."

Ndinawapatsa pepala. Panali mzere umodzi: Zuze, mlongo wa Ntsayi, atsibweni a Chanazi.

"Basi? Nanga Chingerezi?"

"Amene akudziwa tanthauzo la atsibweni amvetsa. Amene sakudziwa, akufunseni inu."

A Bizeki ndi munthu wabwino, ndipo ndikuwalemekeza pamaso pa onse owerenga izi. Anakangana ndi abale awo masabata angapo, koma anamanga monga ndinalembera. Sabata yatha, titachoka kukalambula pamanda pa mayi, ndinapita kukaona.

Ndinadzera pamudzi wakale. Bwemba uja kulibe; anapita ndi madzi osefukira, pamodzi ndi njanji imene inkabweretsa alendo. Pamene panali mtondo pamera minga, ndipo mbuzi zimagona pamenepo masana. Palibe chosonyeza kuti panakhalapo munthu woti anthu adzamuone. Manda a a Zuze ali chakumadzulo, kamtunda pang'ono kuchokera pa a mphwawo, mayi anga. Mmisiri anali atakonzeratu malo a mizere iwiri asanamve kuti wachiwiri kulibe. Choncho pamwamba pali dzina ndi ubale, ndipo pansi pake patsala malo osalala, opanda chilembo. Ndinaikapo dzanja langa lamanzere. Linakwana ndendende.